Madzi a Mphanda Nkuwa akadzaima, ndere idzayambira kuti?

Kwathu ku Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuli kadamu komwetsera ng'ombe kamene anakumba ine ndili ku pulayimale. Mvula ikangotha, mu Epulo, madzi ake amakhala oyera moti ukaima m'mphepete umaona mbululu zikusambira pansi. Koma dikirani Okutobala. Madzi omwe aja amasanduka obiriwira ngati therere, pamwamba pamayala kachikopa koterera, ndipo ukamiza ndowa n'kuivuula, m'kati mumatsala mzere ngati wina wapaka penti. Ng'ombe zimafika ndi ludzu, kununkhiza, n'kuyamba zaima kaye. Palibe amene anathiramo poizoni. Chimene chinalowamo ndi ndowe za ng'ombe zomwezo, sopo wa ochapa, ndi feteleza, amene kuno timati adubu, wokokoloka m'minda ya fodya kumtundako. Zotsalazo linamaliza ndi dzuwa.

Kadamu kameneka ndimakakumbukira ikamveka nkhani ya Mphanda Nkuwa. Ili ndi damu la magetsi limene likukonzedwa kuti limangidwe pa Zambezi, makilomita pafupifupi 60 kumunsi kwa Cahora Bassa ndi pafupifupi 70 kumtunda kwa mzinda wa Tete. Magetsi ake akuyembekezeka kukhala mamegawati 1,500, ndipo nyanja yake idzamiza malo okwana masikweya kilomita pafupifupi 100 m'maboma a Marara, Chiúta ndi Cahora Bassa. Mu Disembala 2023 boma linasainirana mgwirizano ndi makampani a EDF, TotalEnergies ndi Sumitomo, amene adzagwire ntchitoyi pamodzi ndi EDM, kampani ya boma ya magetsi, ndi HCB, kampani yoyendetsa damu la Cahora Bassa. Pa wailesi timamva za magetsi, za madola, za mabanja odzasamutsidwa, ndipo zonsezo n'zoyenera kukambidwa. Koma madzi enieniwo, amene anthu adzamwe, kuchapira ndi kuwedzamo, adzakhala otani akadzasiya kuthamanga?

Tikamva zoti madzi aipitsidwa timaganiza za mafuta a galimoto kapena mankhwala a ku mgodi. Matenda a madamu ambiri ndi ena: kukhuta. Mlimi aliyense wa ku Angónia amadziwa manambala a pa thumba, 12-24-12. Yoyambayo ndi nayitrojeni, yachiwiri fosiforasi, yachitatu potaziyamu. Ureya wobereketsa uja ndi nayitrojeni, magawo 46 pa 100 alionse. Zimene zimanenepetsa chimanga m'munda ndi zomwezo zimanenepetsa ndere ndi namasupuni m'madzi, ndipo sizichokera m'thumba mokha. Zili m'ndowe, m'chimbudzi, m'phulusa, m'masamba owola, ndi m'dothi lenilenilo.

Pa ziwirizi, woopsa kwambiri m'madzi opanda mchere ndi fosiforasi, chifukwa ndi amene kawirikawiri amasowa. Ali ngati mchere m'ndiwo, kakang'ono kasintha mphika wonse. Kilogalamu imodzi itha kumeretsa ndere yaiwisi yolemera mpaka makilogalamu 500. Nayitrojeni ndi wovuta kumutsekera khomo, pakuti ndere yobiriwira ngati penti ija, imene akatswiri amati cyanobacteria, ili ndi mitundu ina yotha kumukoka mu mpweya, monga zimachitikira m'timaso ta m'mizu ya mtedza ndi nyemba. Ukaimana nayitrojeni koma n'kuipatsa fosiforasi, imadzisakira yokha ndiwo.

Nanga bwanji Zambezi wa pa mlatho wa Samora Machel sabiriwira? Chifukwa akuyenda. Ndere imafuna masiku kuti iswane, imafuna kuwala, imafuna bata. Mtsinje umaikokolola isanakhazikike, ndipo nthawi ya dzinja matope amaitchingira dzuwa. Khoma likamangidwa, matope amakhala pansi, madzi amayera, kuwala kumalowa, ndipo kutentha kwa kuno kumene kumapitirira madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala kumakhala ngati nkhuni pansi pa mphika.

Zaka zoyambirira ndiye zovuta kuposa zonse, ndipo apa sitikulosera ayi, mtsinje womwewu unationetsa kale kawiri. Damu likamadzaza limameza zonse zimene lapeza: udzu, tsanya, masawu, milambe, minda, makola, zimbudzi, mabwinja. Zonsezo zimayamba kuwola nthawi imodzi n'kutulutsa chakudya chimene chinasungika zaka zambirimbiri. Khoma la Kariba linatsekedwa mu Disembala 1958. Pofika 1962 kaudzu koyandama kotchedwa Salvinia kanali kataphimba masikweya kilomita pafupifupi 1,000, ndiye kuti kupitirira gawo limodzi mwa magawo asanu a nyanja yonseyo. Kaudzuko kanadzachepa patapita zaka, chakudya chija chitayamba kutha. Cahora Bassa atayamba kudzaza kumapeto kwa 1974, tchire lambiri linamira chilili, ndipo namasupuni ndi Salvinia anaonekeranso, ngakhale kuti mphepo, mafunde ndi kukwera ndi kutsika kwa madzi zinawalepheretsa kufika pa zimene zinaoneka ku Kariba. Asodzi amazikonda zaka zimenezi, nsomba zimaswana ngati zamisala. Kenako zimatsika, ndipo amene anagula maukonde pa ngongole poganiza kuti zidzakhala choncho mpaka kalekale amatsala akukanda mutu.

Chimene sichioneka ndi maso chimachitikira pansi. Amene anasambirapo padziwe lakuya masana amadziwa: chifuwa chikumva kufunda, mapazi akuzizidwa. Madzi ofunda ndi opepuka, amakhala pamwamba, ozizira amakhala pansi, ndipo m'damu lakuya awiriwa atha kukhala miyezi osasakanikirana. Apamwamba amalandira mpweya wa okosijeni kuchokera ku mphepo ndi ku zomera. Apansi salandira kanthu, koma ndi kumene kumagwera ndere yakufa ndi zinyalala zonse. Tizilombo towoletsa timamaliza okosijeni yense, n'kuyamba kutuluka mpweya wonunkha ngati dzira lovunda. Ku Brokopondo, m'dziko la Suriname, kumene damu linamiza nkhalango yosadula mu 1964, fungoli linafika poti antchito a pa damu ankavala zotchinga kumphuno.

Pali kanthu kenanso koipa. Matope a pansi akakhala ndi okosijeni, chitsulo cha m'dothimo chimagwira fosiforasi n'kumusunga. Okosijeni akatha, chitsulo chimamutaya, amabwerera m'madzi. Ndiye mu Juni ndi Julayi, mwera ukaomba n'kuziziritsa madzi apamwamba, nyanja imatembenuka, zapansi n'kukwera. Nsomba zitha kufa usiku umodzi chifukwa chosowa mpweya, ndipo ndere imapeza chakudya chatsopano chodikirira dzuwa la Sepitembala. Ichi n'chifukwa chake damu limene lakhuta kale silichira msanga, ngakhale mutatseka ngalande zonse zolowetsa zoipa. Nkhokwe yake ili pansi.

Tsono apa mpamene Mphanda Nkuwa akusiyana ndi kadamu ka kwathu kaja, ndipo ndikuona kuti amene amangoopseza kuti nyanja yonse idzasanduka therere akuphonya. Madzi ambiri odzalowa m'damuli adzakhala atadutsa kale m'masefa awiri akuluakulu. Akatswiri a ku Switzerland amene anapima matope a pansi pa Kariba anafalitsa zotsatira mu 2011 zoonetsa kuti nyanjayo imatsakamiza pafupifupi magawo 90 pa 100 alionse a fosiforasi wolowamo, ndi pafupifupi 70 a nayitrojeni. Matope ofiira a Luangwa, amene amalowa pa Zumbo, amakhazikika mu Cahora Bassa, nyanja ya masikweya kilomita pafupifupi 2,700 imene imasunga madzi miyezi yambiri. Amene amatuluka kumunsi kwa khoma la Cahora Bassa, pa Songo, ndi madzi oyera, osauka chakudya. Komanso nyanja ya Mphanda Nkuwa idzakhala yaing'ono poyerekeza ndi mtsinje wodutsamo. Madzi a pakati adzalowa n'kutuluka m'masabata ochepa chabe, ndere isanamange nyumba.

Choncho pakati pa nyanja sipondidetsa nkhawa kwenikweni. Maso anga ali m'makona.

Kona yaikulu ndi Luia. Mtsinje umenewu umathira mu Zambezi pakati pa makoma awiriwa, kutanthauza kuti madzi ake sadutsa mu sefa ya Cahora Bassa. Pamodzi ndi Capoche ndi timitsinje tina, umatenga madzi a ku Chifunde, Macanga, Marávia ndi Chiúta, kwathu kwenikweni, kumene kuli minda ya fodya ndi chimanga, kumene mitengo ikupita ku makala ndi ku zigafa, kumenenso okumba golide amatsukira dothi m'mitsinje. Damu likadzadzaza, madzi adzabwerera n'kukwera m'chigwa cha Luia, kupanga mkono wautali wabata umene mtsinje waukulu sudzautsuka bwino. Zonse zimene Luia wanyamula ndi mvula yoyamba zidzatulidwa pamenepo. Anzathu a ku Angónia ndi Tsangano, pamene pali ulimi wa adubu wochuluka, ambiri madzi awo amatsikira mu Revúbuè, amene amathira pa mzinda wa Tete, kumunsi kwa khoma. Iwo ali ndi mlandu wawo ndi mtsinje, koma wa damu ili ndi wathu.

Ndipo tisanamizire alimi kuti akuthira feteleza wambiri. Ambiri mwa ife thumba limodzi timagawana ndi mlamu. Fosiforasi amamatirira ku dothi, ndiye amayenda ndi dothi. Munda wa pa chitunda wolimidwa mizere yotsetsereka, tchire lotenthedwa mu Sepitembala n'kusiya phulusa poyera, njira ya ng'ombe yosanduka chigwembe, ndi zimene zimadyetsa damu. Madzi ofiira amene timawaona m'khwawa mu Disembala ndi chonde cha munda wa munthu chikusamuka, ndipo madzi saiwala khwawa.

Makona ena tidzawapanga tokha. Ntchito yomanga idzabweretsa anthu masauzande kwa zaka zingapo, ndipo pamene pali kampu pamamera msika, mabala, malo ogona, zonse zofuna chimbudzi. Mabanja odzasamutsidwa, amene chiwerengero chotchulidwa kawirikawiri ndi pafupifupi 1,400, sadzapita kutali ndi madzi, chifukwa mbuzi ndi ng'ombe zawo zidzafuna kumwa. Asodzi adzabwera kuchokera kutali monga anachitira ku Cahora Bassa itamveka kapenta, kansomba kamene anakatenga ku nyanja ya Tanganyika n'kukaika ku Kariba m'ma 1967 ndi 1968, kenako n'kutsika kokha ndi mtsinje. Onsewa adzakhala m'magombe abata, pokocheza bwato mosavuta. Malo amene ndere imawakonda ndi omwewo amene mayi adzapite ndi chidebe.

Palinso ulimi wa nsomba za m'makola oyandama, umene ukuchitika kale ku Kariba ndi ku Cahora Bassa. Ndi ntchito yabwino, pende wake timadya tonse. Koma mwa fosiforasi amene ali m'chakudya choponyedwa m'khola, gawo lochepa ndi limene limatuluka ndi nsomba kupita kumsika. Lalikulu limatsala m'madzi ngati zitosi ndi nyenyeswa. Khola loikidwa pamene madzi akuyenda silivuta kwenikweni. Makola makumi oikidwa m'kona yabata ali ngati kukhuthula matumba a 12-24-12 m'madzi m'mawa uliwonse. Kuchuluka kwa matani ololedwa ndi malo ake ziyenera kulembedwa munthu woyamba asanapemphe chilolezo, chifukwa ndalama zikalowa kale, kuuza mwini khola kuti achotse ndi nkhondo.

Wina anganene kuti madzi obiriwira ndi nkhani ya maonekedwe chabe. Ndere ya cyanobacteria ili ndi mitundu yotulutsa poizoni woononga chiwindi, wotchedwa microcystin. Bungwe la WHO limati m'madzi akumwa tsiku ndi tsiku asapitirire mayikulogalamu imodzi (gawo limodzi mwa magawo miliyoni a galamu) pa lita. Ndipo chimene ambiri sitidziwa n'chakuti kuwiritsa sikumupha. Kuwiritsa kumapha tizilombo ta kolera, koma poizoniyu amatsala mu ketulo. Mu Disembala 2024, ku nyanja ya Chivero pafupi ndi Harare, zipembere zinayi ndi nyama zina zinafa zitamwa madzi oterewa. Chivero wakhala akulandira zonyansa za m'masuweji a mzindawo kwa zaka zambiri, ndipo ali pa mtsinje wa Manyame, umene ukalowa m'dziko lathu timautcha Panhame n'kukathira mu Cahora Bassa. Si nkhani ya kutali.

Namasupuni naye, amene kwawo ndi ku South America, akapeza chakudya amachulukana kawiri m'masabata awiri. Funsani a ku Malawi mmene wakhala akutsekera makina a magetsi pa Nkula, mpaka kuika zotchingira ndi makina ovuulira udzu pa Liwonde. Amatseka madoko, amang'amba maukonde, ndipo pansi pa mizu yake pamabisala nkhono za likodzo ndi mphutsi za udzudzu. Tizilombo tina todya masamba ake tinamasulidwa pa Shire m'zaka za m'ma 1990 ndipo timathandiza, koma timagwira ntchito pang'onopang'ono.

Walira mvula walira matope, tikudziwa. Koma matope ambiri a damu amapeweka ngati ntchito yachitika zipata zisanatsekedwe. Kudula tchire ndi koyamba, ngakhale sikophweka monga kumamvekera. Ku Kariba anagwetsa mitengo m'malo osankhidwa ndi mathirakitala okoka matcheni omangirira mipira ikuluikulu ya chitsulo, makamaka pofuna kuti maukonde asamakodwe. Thunthu la tsanya silivuta madzi kwenikweni, limawola pang'onopang'ono kwa zaka makumi ndipo nsomba zimabisalamo. Zoopsa ndi zofewa: masamba, udzu, zitsamba, dothi la pamwamba. Ukadula msanga zimaphukanso madzi asanafike. Ukatentha n'kusiya phulusa pomwepo, nayitrojeni wapita ndi utsi koma fosiforasi wamusiya pa mbale. Nkhuni ndi matabwa zituluke, ndipo oyamba kupindula akhale eni malowo.

Zimbudzi zakale zithiridwe laimu n'kukwiriridwa. Makola a mbuzi ndi ng'ombe, amene ena ali ndi ndowe zofika m'mawondo za zaka zambiri, akokoledwe n'kupita nazo ku minda yatsopano, kumene dothi lake mwina lidzakhala lowuma kuposa la m'mbali mwa mtsinje. Za manda sindiziika m'gulu la zinyalala ayi, imeneyo ndi nkhani ya mafumu ndi eni mbumba, koma nayo iyenera kutha madzi asanakwere. Kampu ndi midzi yatsopano zikhale ndi maiwe otsukira zonyansa, madzi ake azidutsa m'dambo la bango asanafike kunyanja. Ndipo kudzaza kuchitike madzi ena akutulukabe, kuti msuzi woyamba uja usaunjikane.

Chimodzi chimene sichingakonzedwe khoma litauma ndi malo a zipata. Makina a magetsi akamakoka madzi a pansi penipeni m'miyezi yotentha, amene adzatsikire ku Boroma ndi ku Tete adzakhala ozizira ndi osowa okosijeni. Madamu ena amamangidwa ndi makomo okokera madzi pa misinkhu yosiyanasiyana, kuti woyendetsa azisankha. Limeneli ndi funso loyenera kufunsa pa misonkhano ya anthu imene lamulo la kuunika zachilengedwe, Decreto 54/2015, limalamula kuti ichitike. Lina ndi la zaka za chilala. Mu 2024 tinaona Kariba ndi Cahora Bassa akuphwa kwambiri. Madzi olowa akachepa, kutsuka kuja kumachepa, ndipo mawerengero opangidwa ndi chaka cha mvula yabwino amanama.

Za kumtunda kwa Luia, mankhwala ake ndi akale ndipo alangizi anatopa kuwanena: akalozera, vetiva, mizere yopingasa, kukwirira adubu m'malo momumwaza, kusiya bango ndi nsenjere m'mphepete mwa mtsinje. Chovuta n'chakuti m'mphepetemo ndimo muli madimba, ndipo dimba ndi limene limapulumutsa banja mu Okutobala. Kungobwera ndi lamulo loti pasalimidwe mamita akutiakuti, popanda chitsime kapena mpope wothirira kumtunda, n'kudzinamiza. Ine ndimati amene adzagulitse magetsi ndiye ali ndi chifukwa cholipirira ntchito imeneyi, pakuti dothi la ku Chifunde likapanda kugwiridwa m'munda lidzakathera m'nyanja yawo.

Chodabwitsa n'chakuti kumunsi kulira kwake ndi kosiyana. Chakudya chimene chimadwalitsa damu ndi chomwecho chimene madimba a m'zilumba za ku Mutarara ndi madambo a ku Marromeu ankalandira chaka ndi chaka madzi akasefukira. Chitsekereni Cahora Bassa, matope achondewo anachepa, ndipo asodzi a nkhanu za m'nyanja ya mchere ku Sofala anaona kusintha. Luia ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene ikuperekabe matope ku Zambezi wa kumunsi popanda chotchinga. Mphanda Nkuwa akadzaima, nawonso adzatsakamira. Zipata za pansi zotulutsira matope nthawi ya dzinja zitha kuthandiza mbali ziwiri zonse, koma madzi otuluka pamenepo sapanga magetsi, ndiye padzafunika wina wolimba mtima wolamula kuti zitsegulidwe. Kuno madzi amayang'aniridwa ndi bungwe la boma la ARA-Centro, ndipo maiko asanu ndi atatu a chigwa cha Zambezi ali ndi bungwe la ZAMCOM, lochokera pa pangano la 2004, limene likulu lake lili ku Harare.

Zonsezi zimafuna miyeso, ndipo miyeso yofunika kwambiri ndi ya lero, damu lisanakhalepo. Popanda kudziwa kuti Luia ankanyamula fosiforasi wochuluka bwanji mu Januwale ndi mu Okutobala, tsiku limene gombe lidzabiriwire aliyense adzaloza mnzake. Kupima fosiforasi, okosijeni wa pansi ndi poizoni wa ndere kumafuna zipangizo ndi labotale, ndipo zotsatira zake ziyenera kumatidwa pa ofesi ya boma ndi kuwerengedwa pa wailesi m'Chinyungwe ndi m'Chichewa, osati kutsekeredwa mu lipoti la Chipwitikizi ku Maputo.

Koma pali chida chimodzi chimene msodzi aliyense kapena kalasi ya sukulu angapange. Anachiyambitsa ndi Angelo Secchi wa ku Italy mu 1865, ndipo akatswiri akuchigwiritsabe ntchito. Tengani chivundikiro cha poto chotambalala masentimita 20, muchigawe panayi, mupake penti woyera ndi wakuda mosinthanitsa. Boolani pakati, mumange chingwe, pansi mulendeweretse mwala kapena nati yaikulu, chingwecho mumange mfundo pa masentimita 10 alionse. Masana, mbali ya mthunzi ya bwato, mutsitse pang'onopang'ono mpaka chivundikiro chisowe m'maso, muwerenge mfundo, mulembe m'kope pamodzi ndi tsiku, malo ndi mtundu wa madzi. Malo akhale omwewo, sabata ndi sabata. Chikasowa pa mfundo zinayi mu Febuluwale madzi ali ofiira, amenewo ndi matope a mvula. Chikasowa pa mfundo zinayi mu Okutobala madzi ali obiriwira, ana asatungepo, mbuzi zikamwe kwina, ndipo kopelo lipite kwa amfumu tsiku lomwelo.